MITAMBO YA NTHANDA: KODI NTCHITO YA KATSWIRI IMAYEZEDWA BWANJI?

Pa miyezi ina, belu loyamba likalira m'mbandakucha ife n'kumathamangira ku tchalitchi, kum'mawa kumaoneka nyenyezi imodzi yowala kuposa zinzake zonse. Makolo athu anaitcha Nthanda, ndipo m'mabuku a sayansi dzina lake ndi Venus. Kunena zoona iyi si nyenyezi ayi, koma pulaneti, dziko lozungulira dzuwa monga lathu lomweli. Ine ndinayamba kuwerenga za Nthanda pongofuna kudziwa chimene chimaiwalitsa chomwechi, koma ndinakathera pa funso lina. Anthu akamati uyu ndi katswiri wamkulu wa sayansi, amakhala atayeza chiyani? Ndiyesa kuyankha funsoli potsata ntchito ya munthu mmodzi, James Hansen wa ku America, amene anafufuza za mpweya wokuta Nthanda.

Katswiri wa sayansi akapeza chinthu chatsopano, amalemba pepala lofotokoza zimene wachita ndi zimene wapeza, n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri. Akatswiri ena amayamba aliunika kaye lisanasindikizidwe. Kumapeto kwa pepala lililonse kumakhala mndandanda wa mapepala a anthu ena amene wolembayo watsamirapo. Kumeneku ndiye kutchulana, ndipo ife a m'seminale sitingakudabwe, pakuti Thomas Aquinas Woyera, m'buku lake la Summa Theologiae, amatchula Augustine Woyera kambirimbiri.

M'chaka cha 1955, Eugene Garfield anapereka ganizo loti kutchulana kumeneku kuziwerengedwa, ndipo mu 1964 anatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index. Kuyambira pamenepo zinatheka kudziwa kuti pepala lakutilakuti latchulidwa kangati, ndiponso ndi yani. Mu 2005, Jorge Hirsch anaonjezerapo muyeso wina umene umatchedwa h-index. Munthu akakhala ndi h-index ya 30, ndiye kuti ali ndi mapepala 30 amene lililonse latchulidwa maulendo osachepera 30. Muyesowu umafuna zinthu ziwiri pamodzi: kulemba zambiri, komanso kulemba zoti ena n'kugwiritsa ntchito. Manambala otere amayang'anidwa polemba anthu ntchito m'mayunivesite, powakweza maudindo ndi pogawa ndalama zofufuzira. Choncho si nkhani yamasewera.

A Hansen anabadwa mu 1941 m'chigawo cha Iowa, ndipo anaphunzira pa yunivesite ya Iowa, mu dipatimenti imene ankatsogolera James Van Allen. Nthawi imeneyo akatswiri anali atazindikira kuti Nthanda ndi yotentha koopsa, koma ankatsutsana za chifukwa chake. Carl Sagan ankati mpweya wokuta pulanetilo ndi umene umasunga kutentha ngati bulangete. Mu 1967, a Hansen pamodzi ndi Satoshi Matsushima analemba pepala lopereka ganizo lina, loti mwina ndi fumbi la mlengalenga limene limatsekereza kutentha kochokera pansi pa nthaka. Ganizoli silinapambane. Zombo za Venera zimene dziko la Soviet Union linatumiza zinasonyeza kuti mpweya wa kumeneko pafupifupi wonse ndi carbon dioxide. Lero tikudziwa kuti mpweyawu ndi magawo 96 pa 100 alionse, kuti umapsinja pafupifupi maulendo 90 kuposa wathu, ndiponso kuti pansi pamatentha madigiri oposa 460. Motero limodzi mwa mapepala oyambirira a munthu amene anadzatchuka linali lophonya.

Funso lina linatsala: nanga mitambo imene imakuta Nthanda yonse, n'kumabweza kuwala kwa dzuwa kotero kuti ife tiziiona yowala chonchi, ndi ya chiyani? Ena ankati ndi madzi, ena madzi oundana, ena fumbi. A Hansen anayankha asanakhudze mtambo ndi umodzi womwe, ndipo njira yake inali iyi. Kuwala kumayenda ngati mafunde. Kukagunda timadontho ta mumtambo n'kubwerera, mafundewo amayamba kugwedezekera mbali imodzi kuposa inzake, ndipo kuchuluka kwa kusinthaku kumadalira kukula kwa timadonthoto, maumbidwe ake ndi chimene tapangidwa nacho. Utawaleza umene timaona mvula ikamakata ndi umboni wa zomwezi: umaoneka chifukwa madontho a mvula ndi obulungira. Katswiri wa ku France, Bernard Lyot, anali atayeza kale kusintha kumeneku m'kuwala kwa Nthanda m'zaka za m'ma 1920, koma panalibe makina owerengera masamu ake onse.

Mu 1971, a Hansen ndi Albert Arking anagwiritsa ntchito kompyuta pomasulira miyeso yotereyi. Anapeza kuti mitamboyo ndi ya timadontho tobulungira, tating'ono kwambiri moti pafupifupi 500 titandandalikidwa pamzere tingangokwana milimita imodzi. Anapezanso kuti si madzi ayi, chifukwa nambala yosonyeza mmene madzi amakhotetsera kuwala ndi 1.33, pamene ya timadonthoti inali yoposa 1.4. Komabe dzina la chinthucho sanalidziwe.

Apa ndi pamene ndinakondwera kwambiri. Mmodzi mwa amene anatchula dzinalo anali wansembe wa chipani cha Akarimeli, Bambo Godfrey Sill, amene ankagwira ntchito yofufuza pa yunivesite ya Arizona. Mu 1972 iwo analemba kuti mitamboyo ndi ya asidi wotchedwa sulfuric acid, yemwe timamupeza m'mabatire a galimoto. Andrew Young ndi Louise Young anafikanso pa yankho lomwelo paokha. Kenaka mu 1974, a Hansen ndi Joop Hovenier wa ku Netherlands anasindikiza kuwerengera kosamalitsa kwambiri, napeza nambala ya 1.44, imene inagwirizana ndi asidiyo. Zombo za Pioneer Venus zitafika kumeneko mu Disembala 1978, zimene zinayeza m'mitambomo zinavomerezana nawo. Taonani mndandanda wake: Lyot, Arking, Sill, Young, Hovenier. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kutchulana ndiye kaundula wa onse amene anasenza nawo.

Chaka chomwecho cha 1974, a Hansen ndi Larry Travis analemba pepala la masamba oposa 80 m'magazini ya Space Science Reviews. Silinalengeze chinthu chatsopano chodabwitsa. Linangofotokoza mwadongosolo masamu a mmene kuwala kumamwazikira mumpweya wokuta mapulaneti. Koma ndi limodzi mwa mapepala awo otchulidwa kwambiri, maulendo zikwi zingapo, chifukwa aliyense wofuna kuyeza mitambo, utsi kapena fumbi kuchokera kumwamba amalipeza lothandiza. Izi zikutiphunzitsa kuti pepala limatchulidwa kwambiri likakhala chida. Khasu limagwiridwa tsiku ndi tsiku kuposa chikho chimene timu inapambana.

Masamu omwewo anawabweretsa a Hansen kunyumba. Ngati carbon dioxide anatenthetsa Nthanda chomwecho, nanga amene anthufe tikumuchulutsa poyatsa malasha ndi mafuta adzachita zotani padziko lathu? Anasiya udindo umene anali nawo pa ntchito ya Pioneer Venus kuti afufuze funso limeneli. Mu 1981, chaka chimene anakhala mkulu wa Goddard Institute for Space Studies, nthambi ya NASA ku New York, iwo ndi anzawo analemba m'magazini ya Science kuti kutentha kwa dziko kudzaonekera poyera zaka za m'ma 1900 zisanathe. Pa 23 Juni 1988 anakaima pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate ku Washington, nanena kuti kutenthako kwayamba kale. Anatsogolera nthambiyo mpaka 2013. Apa mphamvu ya ntchito yawo inapyola magazini a akatswiri n'kufika kwa opanga malamulo, ndipo mbali imeneyi kaundula wa Garfield saiwerenga.

Ndiye kodi tingakhulupirire manambalawa? Ine ndikuti tiwakhulupirire mwanzeru. Choyamba, pepala lolakwa nalonso limatchulidwa, ndi anthu amene akulitsutsa, ndipo kaundulayo sasiyanitsa woyamika ndi wodzudzula. Chachiwiri, ofufuza za nyengo ya dziko lathu ndi ochuluka kwambiri kuposa ofufuza za Nthanda, choncho pepala labwino la Nthanda lingatchulidwe pang'ono chabe chifukwa choti olitchula ndi ochepa. Chachitatu, alipo ena amene amangodzitchula okha kapena kutchulana pachinzake kuti nambala ikwere. Chachinayi, malo ndi chilankhulo chimene munthu walembera zili ndi mphamvu. Bambo Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium, analemba mu 1927 kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, koma analemba m'Chifalansa, m'magazini imene akatswiri ambiri sankaiwerenga. Edwin Hubble analemba mu 1929 ndipo lamulolo linatenga dzina lake. Mpaka mu 2018 ndi pamene bungwe la akatswiri a zakuthambo, International Astronomical Union, linavomereza kuti lizitchedwa lamulo la Hubble ndi Lemaître. Munthu amene akanawerenga kutchulidwa kwa pepala la Bambo Lemaître mu 1929 akanati n'lopanda pake.

Kutchulidwa kambiri kumasonyeza kuti ntchito ya munthu yadyetsa anthu ena. Sikusonyeza kuti ndi yoona, ndiponso kusatchulidwa sikusonyeza kuti ndi yachabe. Chimene chinatsimikiza za asidi uja si kuchuluka kwa otchula, koma zombo zimene zinapita n'kukayeza.

Anzanga a m'seminale, nkhaniyi ikutikhudza ngakhale sitidzafufuza za mapulaneti. Tikamalemba chimangirizo kapena nkhani ya m'magazini ino, n'kutenga ganizo m'buku la wina osamutchula, timakhala tikumuchita munthuyo zimene zinachitikira Bambo Lemaître, koma ife mwadala. Kutchula amene watithandiza ndi chilungamo, si mwambo wa sukulu chabe. Ndipo inu makolo ndi ansembe athu mukudziwa kuposa ife kuti ntchito yambiri yabwino ilibe kaundula: ulendo wa panjinga wokadzoza wodwala kumudzi wakutali, kapena thumba la chimanga logulitsidwa kuti mwana apeze fizi. Tsiku lina mukadzaiona Nthanda popita ku Misa ya m'mawa, mudzakumbuke kuti kuwala kwakeko ndi kwa dzuwa, kobwezedwa ndi timadontho ta asidi, ndipo kuti pakati pa anthu amene anatiuza zimenezi panali wansembe amene dzina lake ambiri a ife sitinalimvepo.