Mvula inagwa ku India, fizi yanga inasowa ku Mwambo

Mu Ogasiti 2017, ine ndi amayi tinamangirira matumba atatu a nandolo panjinga ziwiri, ulendo wa pa Jali. Ndinali nditangomaliza Fomu 2, ndipo sukulu zinali pafupi kutsegulira. Chaka chapitacho nandolo anali atandilipirira fizi, kundigulira yunifolomu ndi nsapato, ndalama ina n'kutsalako ya malata awiri. Poona zimenezi, amayi anadzaza nandolo munda wonse, mpaka chigawo chimene tinkabzala chinangwa.

Titafika pamsika, venda anakoleka thumba loyamba pasikelo n'kutchula mtengo. Amayi anaseka, kuyesa nthabwala.

"Si zocheza mayi," anatero venda uja. "Ku India atseka geti. Nandolo wangoti mbwee, wogula palibe."

"Geti lake liti, bambo inu? Ife India tinamulakwira chiyani?"

Venda sanayankhe, ndipo ndikukayika ngati ankalidziwa yankho lake. Ndalama ya matumba atatu aja sinakwane ndi fizi ya teremu imodzi yomwe. Pobwerera tinkangokankha njinga, amayi osayankhula kanthu. Funso lawo lija ndi limene linandikhala m'mutu: dziko lakutali chonchija likukhudzana bwanji ndi munda wathu wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa? Yankho ndinadzalipeza patapita zaka, ndipo lagona m'mabuku omwewo a Geography ndi Physics amene muli nawo m'chikwamamo.

Nandolo ndi mlendo, kwawo ndi ku India

Choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti nandolo si wa kuno. Akatswiri a zomera amati anthu anayamba kumulima ku India zaka pafupifupi 3,500 zapitazo, kenako anawoloka nyanja n'kufika mu Africa. Agogo anga atamva zimenezi anakana kwamtuwagalu. "Iwe, nandolo ndinamupeza ndikubadwa!" Sananame. Koma mlendo akakhalitsa amasanduka mwinimudzi.

Mpaka lero dziko la India ndi limene limalima komanso kudya nandolo wochuluka kuposa dziko lina lililonse. Kumeneko kuli anthu oposa 1.4 biliyoni, ndipo mu 2023 anapitirira China pa chiwerengero cha anthu. Mamiliyoni ambiri mwa iwo sadya nyama, ena chifukwa cha chipembedzo monga cha Chihindu ndi cha Chijaini, ena chifukwa cha chizolowezi cha kwawo. Nanga zakudya zomanga thupi amazipeza kuti? M'mbewu za mtundu wa nyemba. Nandolo amamuchotsa khungu, kumuswa pakati, n'kumuphika mpaka apote ngati chipere chathu chija, kenako n'kuthiramo zokometsera. Ndiwo imeneyi amaitcha dal, ndipo nandoloyo amamutcha tur kapena arhar. Mmene ife sitigona osadya nsima, mabanja ambiri kumeneko tsiku silipita osadya dal.

Vuto ndi lakuti zaka zambiri nandolo amene amakolola sawakwanira. Wotsalayo amagula ku Myanmar, Mozambique, Tanzania ndi kuno ku Malawi. Thumba limene mumaliona pasikelo pa Jali likhoza kukwera lole kupita ku Limbe, kuchoka apo n'kupita kudoko la Nacala kapena Beira, mpaka kukathera m'poto wa munthu wa ku Mumbai.

Kamphepo ka pa Kachulu ndi chimphepo cha ku India

Tsono geti lija linatsekedwa chifukwa chiyani? Apa ndi pamene sayansi ikulowerapo.

Amene munafikako padoko la Kachulu masana dzuwa likuswa mtengo mukudziwa kuti mchenga umawotcha mapazi, koma ukaponda m'madzi umamva kuzizirira. Dzuwa ndi lomwelo, nanga kusiyanaku kukuchokera pati? Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika majoule pafupifupi 4,200, pamene mchenga wouma umangofuna pafupifupi 800. Mtunda umatentha msanga, madzi amachedwa. Mpweya wa pamwamba pa mtunda wotenthawo umapepuka n'kukwera m'mwamba, ndipo mpweya wozizirira wochokera panyanja umathamangira kudzatseka malowo. Kamphepo kayaziyazi kamene mumakamva kakuchokera kunyanja masana ndi kameneko. Usiku zimatembenuka: mtunda umazizira msanga, ndiye mphepo imachoka kumtunda kulowera kunyanja.

Tsopano kulitsani chithunzi chimenechi. M'malo mwa Chilwa ikanipo nyanja yamchere ya Indian Ocean, m'malo mwa gombe la Kachulu ikanipo dziko lonse la India ndi mapiri a Himalaya, ndipo m'malo mwa usana ndi usiku ikanipo miyezi. Mu Epulo ndi Meyi mtunda wa India umatentha koopsa. Mpweya wodzadza ndi chinyezi umakokedwa kuchokera kunyanja, ukafika pamtunda umakwera mapiri, kuzizira, n'kugwa ngati mvula. Mvulayi imayamba kumwera, m'chigawo cha Kerala, chakumayambiriro kwa Juni, ndipo imatha mu Seputembala. M'miyezi inayi yokhayi India amalandira magawo oposa 70 pa 100 alionse a mvula yake ya chaka chonse. Mphepo yosinthasintha ndi nyengoyi ndi imene imatchedwa monsoon, dzina lochokera ku liwu la Chiarabu lakuti mawsim, kutanthauza nyengo.

Mu 2014 ndi 2015 mvula ya monsoon inavuta. Mu 2015 kunali El Niño, yemwe uja anatibweretsera ng'amba kuno m'dzinja la 2015/16. Nandolo anasowa ku India, mtengo wa dal unakwera mpaka nkhani yake inafika m'ndale, ndipo amalonda anasakasaka nandolo paliponse. Malata athu awiri aja anachokera pamenepo.

Koma alimi a ku India nawonso anauona mtengowo. Mu 2016 anabzala nandolo wambiri, mvula n'kugwa bwino. Anakolola matani oposa 4 miliyoni, pamene chaka chapitacho sanafike ndi 3 miliyoni omwe. Mtengo unagwa, alimi awo anadandaula, ndipo mu Ogasiti 2017 boma la India linalamula kuti nandolo wolowa kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pachaka. Mozambique anapumako chifukwa anali atasainirana kale mgwirizano ndi India mu 2016. Ife tinalibe. Geti la venda uja linali limeneli.

Taonani mmene zinalumikizirana: amayi ku Mwambo ndi mlimi wa ku Maharashtra, osadziwana, anaganiza chimodzimodzi chaka chimodzi. Onse anathamangira mtengo wa dzulo, onse n'kukumana pamsika wodzadza.

Si nandolo yekha anawoloka

Mphepo yomweyi ndi imene inali basi ya makedzana. Kuyambira Novembala mpaka cha mu Malichi imawomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndiye zombo zamatanga zinkanyamuka ku India ndi ku Arabia kubwera kugombe la Africa. Kuyambira Epulo imatembenuka, zombo n'kubwerera kwawo. Kwa zaka mazanamazana anthu, nsalu, mikanda, mbewu ndi mawu zinkayenda choncho. Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti India ali ponseponse m'mudzi mwathu.

Mango amene mumagenda mu Novembala kwawo ndi ku India ndi madera oyandikana nawo. Dzina lenilenilo linachokera ku zilankhulo za kumwera kwa India, n'kufalitsidwa ndi Apwitikizi amene ankati manga.

Ng'ombe zathu za linunda, zija m'buku la Agriculture amazitcha Malawi Zebu, makolo ake anayamba kuwetedwa kuchigwa cha mtsinje wa Indus.

Liwu lakuti shuga linayenda ulendo wautali: linayambira ku Sanskrit, chilankhulo chakale cha ku India, komwe ankati sharkara, n'kudutsa mu Chiperisiya, Chiarabu ndi zilankhulo za ku Ulaya lisanatipeze.

Koma chimene chinandiseketsa kwambiri ndi mpunga. Kusikimu ya Likangala ndi madambo ena a Chilwa mumamva alimi akutchula Faya, Kilombero ndi Pusa. Ndili mwana ndinkaganiza kuti Pusa ndi mpunga wopusa. Ayi ndithu! Pusa ndi dzina la mudzi wa m'chigawo cha Bihar ku India, kumene mu 1905 anatsegula malo ofufuzira za ulimi. Chivomerezi cha mu 1934 chitawononga nyumba zake, malowo anasamukira ku Delhi mu 1936, koma dzina linatsatira. Mbewu zimene amatulutsa kumeneko amazipatsa dzina la Pusa, ndipo Pusa 33 ndi imodzi mwa zimene zinafika m'minda yathu.

Ngakhale mitundu ina ya nandolo wamakono ili ndi chala cha India. Bungwe la ICRISAT, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili pafupi ndi mzinda wa Hyderabad, lakhala likugwira ntchito ndi akatswiri athu ku Chitedze potulutsa mbewu zopirira ku matenda ofwetsa nandolo.

Ziro wa pasikelo

Tibwerere pa Jali. Manambala amene ndinkawayang'anitsitsa pasikelo tsiku lija, 0 mpaka 9, nawonso anabadwira ku India. Mu 628 katswiri wa masamu dzina lake Brahmagupta analemba malamulo owerengera ndi ziro ngati nambala payokha: ukaphatikiza nambala ndi ziro imakhala yomweyo, ukachulukitsa ndi ziro umapeza ziro. Al-Khwarizmi, amene ankagwira ntchito ku Baghdad, analemba buku lofotokoza kawerengedwe ka Amwenye cha m'ma 825, ndipo Fibonacci wa ku Italy anakafalitsa ku Ulaya kudzera m'buku lake la mu 1202. N'chifukwa chake azungu ankawatcha manambala a Aluya, chonsecho Aluyawo ankawatcha a Amwenye.

Mukufuna kuona kufunika kwake? Yesani kuchulukitsa XLVIII ndi XXV osasintha kukhala 48 ndi 25. Belu lidzalira musanamalize.

Nanga Amwenye a kuno anabwera liti?

Mu 1891 Harry Johnston, amene ankakhazikitsa ulamuliro wa Britain ali ku Zomba, anabweretsa asilikali pafupifupi 70 kuchokera ku India, ambiri a iwo a chipembedzo cha Chisikh, aja amavala nduwira. Mtsogoleri wawo, Captain Cecil Maguire, anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho pomenyana ndi anthu a Makanjira, ndipo dzina lake linatsala pa Fort Maguire ku Mangochi. Pambuyo pake kunabwera amalonda, ambiri ochokera ku Gujarat, amene anatsegula masitolo mpaka m'misika ya kumidzi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linawalamula kuti achoke kumidzi, azichita malonda ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu basi. Nyumba zakale za makonde aakulu zimene mumaziona m'misika ina yakumidzi, zambiri zinali masitolo awo. Samusa ndi chapati zimene mumagula pa buleki zikukumbutsa ubale womwewo.

Chimene ndikanawauza amayi

Fizi ija inapezeka. Amayi anagulitsa mbuzi, ndipo ndinayamba Fomu 3 anzanga atadya kale masabata awiri. Anzanga ena awiri sanabwererenso. Mu 2021 Malawi ndi India anasainirana mgwirizano woti India azigula matani 50,000 a nandolo wathu chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Zinathandizako, koma mtengo umamverabe mvula ya kutsidya.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chizindikiro chinalipo. Mvula ya monsoon imatha mu Seputembala, pamene ife timabzala mu Novembala kapena Disembala. Ndiye kuti pa nthawi imene amayi ankaponya mbewu m'phando mu 2016, nkhani yoti ku India mvula yagwa bwino ndipo alimi abzala nandolo wambiri inali itadziwika kale. Pakhomo pathu panalibe woiwerenga n'kuimasulira. Lero munthu ameneyo akhoza kukhala iweyo, ndi foni yobwereka komanso kabandulo ka intaneti.

Sindikunena kuti makolo asiye nandolo. Mizu yake imapita pansi kwambiri, choncho amapirira ng'amba. Timabakiteriya totchedwa Rhizobium timene timakhala m'mizu yake timatenga nayitirojeni mumpweya n'kusandutsa chakudya cha mbewu, masamba ake akayoyoka amawonjezera chonde, mitengo yake ndi nkhuni, ndipo ndiwo yake mukuidziwa. Chimene amayi anaphunzira n'chakuti munda wonse sapatsa mbewu imodzi. Chaka chotsatira chinangwa chinabwerera pamalo pake.

Loweruka likubwerali tengani mbale ziwiri zofanana. Ina muthiremo mchenga wouma, ina madzi, mulingo wofanana. Ziikeni padzuwa kwa ola limodzi, mugwire ndi dzanja kapena mupime ndi thermometer ya kulabu ngati aphunzitsi angakubwerekeni. Kenako zilowetseni m'nyumba, mupimenso pakatha ola lina, mulembe imene yatentha msanga ndi imene yazizira msanga. Mukatero mukawafotokozere agogo kuti mbale ziwirizo zikukhudzana bwanji ndi mtengo wa nandolo pa Jali. Anga anamvetsera mpaka kumapeto, anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Chabwino mdzukulu, koma nandolo yekhayo ndi wathu."