Mwaikamo khadi latsopano, seva yayamba kulira ngati ndege: chavuta n'chiyani?

Seva ndi kompyuta yomwe ntchito yake ndi kutumikira makompyuta ena. Imasunga mafayilo, maimelo ndi mawebusaiti, ndipo siigona ayi, imayaka usana ndi usiku. Tsono pali vuto lina lomwe osamalira makinawa amakumana nalo kawirikawiri. Munthu watsegula seva yomwe yakhala ikuyenda bwinobwino, waikamo khadi latsopano kapena wawonjezera madisiki, watseka, wayatsa. Basi pompo mafani ayamba kulira ngati ndege ikunyamuka pa Chileka. Nthawi zina zimachitika zosiyana: mafani ali phee, koma makina akutentha mpaka kuzima okha ntchito ili pakati, mafayilo a anthu n'kuwonongeka. Zonse ziwirizi gwero lake ndi fizikisi yomwe mukuphunzira pokonzekera MSCE.

Tiyambe ndi mfundo yomwe ambiri amaiwala. Pafupifupi magetsi onse olowa mu kompyuta amasanduka kutentha. Mphamvu sitayika, imangosintha mtundu. Choncho seva yomwe ikudya mawati 300 ikutulutsa majoule 300 a kutentha pa sekondi iliyonse, chimodzimodzi kambaula kamagetsi. Kutenthako kukapanda kutuluka m'bokosimo, kumangounjikana.

Chimakutulutsa ndi mpweya, ndipo tikhoza kuwerengera kuti ukufunika wochuluka bwanji. Mukukumbukira Q = mcΔT, eti? Kuti kilogalamu imodzi ya mpweya itenthe ndi digiri imodzi, pamafunika majoule pafupifupi 1,005. Tinene kuti tikufuna mpweya wotuluka kumbuyo kwa seva upose wolowa kutsogolo ndi madigiri 10 okha. Ndiye m = 300 ÷ (1,005 × 10), zomwe zikutipatsa makilogalamu 0.03 pa sekondi. Malita 1,000 a mpweya amalemera pafupifupi makilogalamu 1.2, kotero tikunena za malita 25 a mpweya pa sekondi. Ganizirani ndowa ya malita 20 ndi kachigubu ka malita 5 pambali pake, zikudutsa m'bokosi sekondi iliyonse osapuma.

Tsopano ikanimo khadi ngati Nvidia Tesla P40. Khadi limeneli limatha kudya mawati 250, ndipo lilibe fani yakeyake. Analipanga dala chonchi kuti lizidalira mphepo ya mafani a sevayo. Kutentha kwachoka pa mawati 300 kufika pa 550. Bwerezani masamu aja, mupeza kuti pakufunika malita pafupifupi 46 pa sekondi. Mafani akapitiriza liwiro lawo lakale, mpweya uzituluka utatentha ndi madigiri 18 m'malo mwa 10, ndipo zipangizo zomwe zili kumbuyo kwenikweni ndi zomwe zimve kuwawa, chifukwa mpweya umazifika utatenthedwa kale ndi zinzake zakutsogolo. Choncho fani kukwera liwiro mukawonjezera zida si matenda ayi. Ikugwira ntchito yake. Chowawa n'chakuti mukachulukitsa liwiro la fani kawiri, mpweya umachuluka kawiri, koma magetsi omwe faniyo imadya amachuluka pafupifupi kasanu ndi katatu. Phokoso ndiye musanene, makamaka m'maseva opyapyala a 1U omwe kutalika kwake ndi mamilimita 44 okha: timafani take n'tating'ono, ta mamilimita 40, ndipo timatha kuzungulira kuposa ka 10,000 pa mphindi.

Nanga amauza mafani kuti athamange kapena adekhe ndani? M'kati mwa seva muli kakompyuta kena kakang'ono kotchedwa BMC. A Dell amakatcha iDRAC, a HPE amati iLO. Kameneka kamawerenga masensa a kutentha omwe ali pa purosesa, pa memore, pa madisiki ndi pakhomo polowera mpweya, kenako n'kulamula mafani. Pa fani ya mawaya anayi, mawaya awiri ndi a magetsi, lachitatu limanena liwiro lomwe faniyo ikuzungulira, lachinayi ndi lolandirira lamulo. Lamulolo limabwera ngati kuyatsa ndi kuzimitsa kachizindikiro pafupifupi ka 25,000 pa sekondi, njira yotchedwa PWM. Chizindikiro chikakhala choyaka nthawi yambiri, fani imathamanga. Chikakhala chozima nthawi yambiri, imadekha.

Apa ndi pomwe nkhani imakoma. BMC imadalira zomwe ikumva kuchokera ku masensa. Mukaika khadi lomwe siikulidziwa, singathe kufunsa kuti khadilo latentha bwanji. Ndiye imachita zomwe mlonda wanzeru angachite akamva phokoso mu mdima: imaganiza zoipa. Maseva ambiri a Dell PowerEdge amakweza mafani akapeza khadi la PCIe lachilendo, ndipo maseva ena a HPE ProLiant amachitanso chimodzimodzi akaikidwa madisiki omwe sangathe kuwerenga kutentha kwake. Makina sakutentha, akungodziteteza.

Palinso china choseketsa pa mabodi a Supermicro. Munthu watopa ndi phokoso, wachotsa mafani akale n'kuikamo akuluakulu oyenda pang'onopang'ono. BMC ili ndi malire a liwiro. Fani ikatsika kupyola malirewo, iyo imati faniyo yafa, ndipo imathamangitsa mafani onse mpaka mapeto. Faniyo ikathamanga, BMC imaona kuti ili moyo, n'kuwabweza onse pansi. Akatsika, imatinso yafa. Ndiye muzingomva vuuu, zii, vuuu, zii, usiku wonse. Mankhwala ake ndi kutsitsa malire aja kuti agwirizane ndi mafani atsopanowo, ndipo pulogalamu ya ipmitool imathandiza kutero.

Pulogalamu yomweyo ena amaigwiritsa ntchito kukakamiza mafani kuti akhale pansi zivute zitani. Ine zimenezo sindigwirizana nazo, pokhapokha munthu atayamba wawerenga manambala a masensa makina ali pa ntchito yolemetsa. Kuletsa phokoso osadziwa kutentha kwa khadi la mawati 250 lopanda fani ndi kulipha dala.

Nanga mafani akakhala kuti akuyenda bwino koma purosesa ikuwotchabe? Apo yang'anani njira yomwe kutentha kumadutsa. Kumachoka pa purosesa kulowa mu chitsulo cha mapeyala ambirimbiri chotchedwa heatsink, kenako n'kulowa mu mpweya. Purosesa ndi chitsulocho zimaoneka zosalala, koma pakati pake pamatsala timipata tosaoneka ndi maso todzaza mpweya. Kopa amadutsitsa kutentha pa mlingo wa mawati pafupifupi 400 pa mita pa digiri. Mpweya ndi 0.026 basi. Kusiyana kwake n'koposa ka 15,000. N'chifukwa chake pamapakidwa kaphala kotchedwa thermal paste, kuti katseke timipatato. Wosintha purosesa akaiwala kupaka katsopano, kapena akasiya kapulasitiki kotchingira pansi pa heatsink yatsopano, kapena akamanga zomangira mbali imodzi yokha, fani ngakhale ithamange bwanji sizithandiza.

Mpweya nawo ndi waulesi ngati madzi a mu ngalande ya kudimba: umadutsa pomwe pali pofewa. M'maseva mumakhala chivindikiro chapulasitiki cholondolera mphepo pa purosesa ndi memore, komanso totsekera m'malo mopanda madisiki. Zikaiwalika pa tebulo, mphepo imalambalala potentha paja. Mawaya ounjikana kutsogolo kwa fani amachitanso zomwezo. Ndipo kusiya seva yosavundikira kuti "ipume" kumaonjeza vuto, chifukwa mphepo imathawira m'mwamba isanafike kumbuyo.

Kuti mudziwe komwe kuli vuto, yerekezani manambala atatu: kutentha kwa mpweya wolowa, kwa mpweya wotuluka, ndi kwa purosesa. Purosesa ikakhala yotentha kwambiri koma mpweya wotuluka uli wofunda chabe, ndiye kuti kutentha sikukufika mu mpweya. Onani kaphala kaja ndi chivindikiro. Mpweya wotuluka ukatentha zedi, mphepo ndi yochepa. Wolowa ukakhala wotentha kale, vuto ndi chipinda. Bungwe la ASHRAE limalangiza kuti mpweya wolowa mu makina otere ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27, pomwe mu Okutobala ku Chikwawa kunja kokhako kumatha kufika 40.

Nayi ntchito yanu. Seva yathu ija ya mawati 550 ili m'chipinda chomwe mpweya wake uli pa madigiri 32, ndipo sitikufuna kuti wotuluka upose 45. Mafani ayenera kukoka malita angati pa sekondi? Mukapeza, yesaninso chipindacho chili pa madigiri 40.