Apple Crumble: Chotsekemera cha Nyengo Yokolola Maapozi

Ku Britain maapozi ambiri amapsa mu Seputembala ndi Okutobala, mitengo ikayamba kuyoyola masamba. Pa nyengoyi mabanja amakonda kuphika apple crumble, maapozi ophikidwa mu uvuni okhala ndi nyenyeswa za fulawa pamwamba. Chakudyachi chinatchuka pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pomwe batala ndi shuga zinkagulitsidwa moyeza, chifukwa sichilira zambiri.

Mufunika maapozi 5, kapu imodzi ya fulawa, theka la kapu ya shuga, magalamu 75 a majarini, ndimu ndi sinamoni pang'ono.

Sendani maapozi, chotsani njere ndipo muwaduledule. Afinyireni ndimu kuti asade, muwawaze sinamoni ndi masupuni 2 a shugayo, kenaka muwayale m'mbale yophikira.

Chinsinsi chagona pa nyenyeswa. Majarini akhale ozizira. Afikiseni mu fulawa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati nyenyeswa za buledi, ndipo musakanizemo shuga wotsalayo. Musathire madzi, musakandenso. Mafuta akakuta fulawa, amaletsa kuti agwirane n'kukhala mtanda, motero pamwamba pamanyenyeka bwino mkamwa. Mukakanda, pamatuluka polimba.

Wazani nyenyeswazo pa maapozi popanda kutsindira. Phikani mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 35 mpaka 40, kufikira pamwamba pafiirire ndipo madzi a maapozi ayambe kubwata m'mbali. Opanda uvuni aphike mupoto pa mbaula monga chikondamoyo: makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro. Chimakoma chikadali chofunda, makamaka ndi kasitadi.