Kodi Seŵero Loseketsa Nlopepuka?

Mwana wa sukulu wa ku Chisitu kapena kwa Chonde, m'boma la Mulanje, akafuna kulemba seŵero la mpikisano, amayamba wadzifunsa kuti oweruza amakonda zotani. Funso limeneli ndilo gwero la tsankho pakati pa mitundu ya maseŵero.

M'chaka cha 1969, bungwe la aphunzitsi a Chingelezi la ATEM linayambitsa mpikisano wa maseŵero m'sukulu za sekondale. Popeza cholinga chinali kunola ana pa Chingelezi, seŵero la m'Chicheŵa kapena m'Chilomwe linalibe malo. Mpikisanowo unasula akatswiri, monga Du Chisiza Jr amene anapambana mu 1982. Komatu m'zaka zomwezo anthu a m'midzi ndi m'minda ya tiyi ankaunjirira wailesi kumvera Kapalepale, seŵero la a Smart Likhaya Mbewe, ndipo pambuyo pake Izeki ndi Jakobo ankadzaza maholo. Nthabwala za m'chinenero cha anthu zotere sizikanaloŵa nawo mpikisanowo.

Tsankho la chinenero lili ndi mbale wake, tsankho la mtundu wa nkhani. Seŵero la imfa ndi misozi limaoneka lakuya ngakhale papepala, pamene nthabwala imafuna liwu la woseŵera ndi phwete la oonerera kuti ikome. Lachisoni likatenga chikho chaka chino, olemba a chaka chamaŵa amalitsanzira, ndipo oweruza amayamba kuyesa kuti seŵero labwino nlomwelo. Motero mwana amene akanalemba za Napolo kapena za mizimu ya pa Sapitwa amabweza cholembera, poopa kuti adzati nzachibwana.

Vutoli si la Malaŵi yekha. Ku America, nkhani zoopsa sizipambana kaŵirikaŵiri mphotho ya Oscar. Nchifukwa chake anthu anaiyesa nkhani yaikulu pamene Jordan Peele anailandira mu 2018 chifukwa cholemba kanema wa Get Out.

Mankhwala ake ngakale. Mu mzinda wa Athens, kuyambira chaka cha 486 Yesu asanabadwe, maseŵero oseketsa anali ndi mpikisano wawowawo, ndipo sankapikisana ndi achisoni. Okonza mipikisano akagaŵa zikho motero, nasankha oweruza odziŵa mtundu uliwonse, mwana wa kutsinde kwa phiri la Mulanje adzalemba nkhani ya kwawo mopanda mantha, osati imene akuyesa kuti oweruza akuifuna.