NJINGA NDIYO IDYETSA MZINDA WA CHIPATA: IPATSIDWE MALO PA MSEU

Wolemba Mtola-nkhani Wathu

MUNTHU wofuna kudziwa cimene cidyetsa mzinda wa Chipata alawire m'mamawa, akaime pambali pa mseu wocokera ku Lundazi, kapena wa ku Chadiza, kapena wa ku Mfuwe, dzuwa lisanatuluke kuseri kwa mapiri. Adzaona mndandanda wa njinga zirikulowa m'tauni. Ina yasenza matumba a makala, ina madengu a matimati ndi repu, ina mitolo ya nzimbe, ina thumba la nshawa, inanso mbuzi yomangidwa bwino pa kaliyala. Pamene anthu a m'maofesi ayamba kuliza galimoto zao, katundu uja amakhala atafika kale pa msika wa Kapata ndi pa Saturday Market, ndipo amai ogulitsa amakhala atayala malonda ao.

Chipata ndi likulu la cigawo ca Kum'mawa, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 570 kucokera ku Lusaka. Kale anali kuchedwa Fort Jameson, ndipo anali likulu la dziko la North-Eastern Rhodesia kufikira caka ca 1911. Pa 24 February 2017 mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Edgar Lungu, analengeza kuti tauniyi yakwezedwa kukhala mzinda, wacisanu muno m'Zambia pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone.

Anthu anakondwera, ndipo kunali koyenera. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Mzinda ukamakula, galimoto zicuruka, malole akulu-akulu opita ku malire a Mwami adutsa usana ndi usiku, ndipo njinga zamoto zadzaza pa mphambano iriyonse. Funso limene nzika za Chipata ziyenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi njinga yochova, imene yasenza tauniyi zaka zonsezi, idzakhalabe ndi malo pa mseu?

MMENE NJINGA INAZIKIRA MIZU

Cikondi ca anthu a Kum'mawa pa njinga si ca lero ai. M'masiku a atsamunda, anyamata ambiri anali kupita kukaseweza ku Migodi, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Pobwerera kwao, katundu wolemekezeka amene anali kubwera naye anali njinga ya Humber kapena Raleigh. Aphunzitsi, alaliki, amesenjala a boma ndi alangizi a zaulimi, onse anali kufika m'midzi pa njinga.

Pamene a Ian Smith anadzilengezera ufulu wao ku Rhodesia mu November 1965, mafuta a galimoto anasowa muno m'dziko, kotero kuti petulo anali kugulitsidwa mocita kupima. Mpope wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola unayamba nchito mu 1968, koma phunziro linali litamveka kale: dziko lopanda doko limagula mafuta ndi thukuta. Njinga yokha ndiyo inali kuyenda osafunsa za doko.

M'zaka za m'ma 1980 munali fakitale ya njinga m'Chipata momwemo, ya kampani ya boma yochedwa Luangwa Industries, imene inachuka ndi njinga za Eagle. Pa nthawi yogulitsa makampani a boma m'zaka za m'ma 1990, fakitaleyo inapita m'manja mwa kampani ya Tata Zambia. M'masitolo munadzalanso njinga zocokera ku India ndi ku China. Ngakhale zinthu zinasintha cotero, fakitale ija inasiya mbiri ndi luso. Anthu odziwa kumanga masipoko, kuwongola limu ndi kumata chubu apezeka m'komboni iriyonse, ambiri a iwo pansi pa mtengo wa mango, ndi bokosi la zipangizo ndi beseni la madzi lofufuzira pamene chubu caboka.

KUKHALA WOPANDA GALIMOTO

Mabanja ambiri m'Chipata alibe galimoto, ndipo sacedwa ku nchito cifukwa ca ico. Makomboni monga Kapata, Mchini, Nabvutika ndi Magazine ali pa mtunda wa makilomita owerengeka cabe kucokera pakati pa mzinda. Munthu woyenda pansi amatha makilomita 5 pa ola limodzi. Wochova njinga mosathamanga amatha mtunda womwewo m'mphindi 20. Ndiye kuti wanchito amene acita ulendo wotere m'mawa ndi madzulo apulumutsa ola lathunthu ndi mphindi 20 tsiku liri lonse, nthawi imene angalimire dimba kapena kukhala ndi ana ace.

Nkhani ya ndalama ndiyo yaikulu koposa. Mu December 2021 boma linaleka kuthandizira pa mtengo wa mafuta, ndipo m'caka ca 2022 kabungwe ka Energy Regulation Board kanayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi. Mwini galimoto amachera khutu ku wailesi mtima uli m'mwamba, pakuti pamwamba pa petulo pali msonkho wa mseu, inshuwalansi ndi zitsulo zodula zocokera kunja. Mwini njinga asowa tayala, chubu, mabuleki ndi timafuta ta pa cheni basi.

Phindu limeneli lifika ndi kwa munthu amene sanakwerepo njinga. Mlimi wa ku dimba akabweretsa ndiwo zace yekha pa kaliyala, salipira wina aliyense mtengo wa ulendo. Cotero mulu wa matimati umene mai agula pa msika ukhala wochipirapo. Tsiku limene njinga zidzalephera kulowa m'tauni cifukwa ca mantha a pa mseu, mtengo wa mafuta udzalowa mu mphika wa banja liri lonse.

Pali anyamata ndi abambo ambiri amene njinga ndiyo munda wao. Aika mtsamiro wofewa pa kaliyala ndi tizitsulo topondapo mapazi, naima pa misika, pa siteshoni ya mabasi ndi pa cipata ca cipatala kudikira okwera. Anzathu a ku Malawi nchito yotereyi amaicha kabaza. Ndi nchito yolemetsa, maka-maka pa citunda ndi m'mwezi wa October pamene dzuwa liswa mtengo, koma yalipirira ana ambiri sukulu ndi kugula malata a nyumba. M'zaka zapitazi njinga zamoto zalanda okwera ambiri popeza zithamanga ndi kukwera mapiri mosabvuta. Komabe nkhalamba yopita ku cipatala, kapena mai wobereka mwana kumbuyo, kawiri-kawiri asankha njinga yochova cifukwa ndi yochipa ndiponso iyenda mofatsa.

SUKULU NDI CIPATALA

Ubwino wa njinga wayesedwa ndi akatswiri muno m'dziko mwathu. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linakhazikitsidwa mu 2005, linagawa njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala matenda a AIDS m'midzi ya m'Zambia. Njinga yao yochedwa Buffalo inapangidwa kuti kaliyala wace azinyamula makilogalamu 100. Pambuyo pace bungweli linayamba kupereka njinga kwa ana a sukulu, maka-maka atsikana.

Kafuku-fuku amene anacitika m'masukulu 100 a ku cigawo ca Kum'mwera m'zaka za 2017 ndi 2018 anapeza kuti atsikana olandira njinga anacepetsa kujomba ku sukulu ndi 28 peresenti, ndipo kufika mocedwa kunatsika ndi 66 peresenti. Mtsikana wofika msanga ndi wosatopa amamva bwino za m'kalasi, ndipo sakhalitsa pa njira pamene anyamata ndi abambo opanda khalidwe amabvutitsa ana.

Ku Lusaka, kampani ya Zambikes inapanga kangolo kokokedwa ndi njinga kochedwa Zambulance, konyamulira odwala ndi amai apakati kucokera m'midzi kumene ambulansi siifika. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization alangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa nchito thupi lace mphindi zosacepera 150 pa sabata, kuti apewe matenda a shuga, a mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Wochova njinga popita ku nchito akwanitsa muyeso umenewu osadziwa n'komwe.

NGOZI ZA PA MSEU

Bvuto lalikulu ndi ngozi. Njinga iribe citsulo cochinga mwini wace. Lole ikadutsa pafupi ndi liwiro, mphepo yace yokha ikhoza kugwetsa munthu wosenza matumba atatu a makala. Kumene phula latha m'mbali mwa mseu kumakhala cigwembe, ndipo wochova akakankhidwira kumeneko agwa pamodzi ndi katundu wace. Nthawi ya dzinja madzi abisa maenje, ndipo fumbi la m'makomboni lisanduka matope.

Kunena zoona, ochova njinga naonso ali ndi mlandu wao. Ena ayenda usiku opanda nyale kapena kagalasi konyezimira kumbuyo. Ena amanga katundu wotambalala ngati ngolo. Ena ayenda ku dzanja lamanja moyang'anana ndi galimoto, pamene lamulo la dziko lino likuti zoyenda pa mseu zisunge kumanzere. Alipo ena amene mabuleki anatha kale-kale, ndipo poima aponda tayala ndi nsapato. Zotere ndi kuseweretsa moyo.

Koma cimene cimapha kweni-kweni ndi liwiro. Munthu wogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola kawiri-kawiri amapulumuka, pamene wogundidwa pa liwiro la makilomita 60 kawiri-kawiri amafa. Ndico cifukwa cace a World Health Organization alimbikitsa kuti pamalo pamene galimoto zisakanizana ndi oyenda pansi ndi apanjinga, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola.

PHUNZIRO LA KU ULAYA

Ena amaganiza kuti njinga ndi cizindikiro ca umphawi, ndi kuti mzinda wotukuka uyenera kudzala ndi galimoto. Anthu a ku Netherlands, dziko lolemera la ku Ulaya, anaganizapo cimodzi-modzi, ndipo analira. M'caka ca 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa ngozi za pa mseu m'dzikolo, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Makolo anakwiya nayamba kucita zionetsero. Mu 1973 mafuta anasowa, ndipo boma linaletsa galimoto kuyenda pa masiku ena a Sondo.

Mzinda wa Groningen, umene si waukulu kweni-kweni, unacitapo kanthu mu 1977. Akulu-akulu a khonsolo anagawa pakati pa mzindawo m'zigawo zinai. Woyendetsa galimoto sanaloledwe kudutsa molunjika kucoka m'cigawo cimodzi kulowa m'cinzace, koma anayenera kuzungulira pa mseu wa kunja. Wanjinga ndi woyenda pansi anali kudutsa mwaufulu. Eni masitolo anadandaula kuti malonda adzafa, koma sanafe, ndipo Groningen anasanduka umodzi wa mizinda yochuka ndi njinga pa dziko lonse. Kumeneko dokotala ndi mphunzitsi wa pa yunivesite achova njinga popanda manyazi.

Iwo anawononga ndalama zambiri kubweza cizolowezi cimene anali atayamba kutaya. Chipata sanacitayebe. Nchito yace ndi kusunga cimene ali naco kale, ndipo imeneyi ndi yochipa kuposa kumanga miseu yatsopano yodzaza galimoto.

ZOYENERA KUCITA

Mu 2019 boma la Zambia linatulutsa ndondomeko yosamalira oyenda pansi ndi ochova njinga, yochedwa Non-Motorised Transport Strategy. Mau a pa pepala ayenera kuoneka pa mseu. Pamene mseu umangidwa kapena kukonzedwa, pakhale kanjira ka njinga kolekanitsidwa ndi galimoto. Pamene kanjira kotere kalipo kale, kasasanduke poimika galimoto, pogulitsira malonda kapena pothamangira njinga zamoto. Pafupi ndi sukulu, misika ndi cipatala pakhale zitunda zocepetsa liwiro ndi magetsi ounikira usiku.

Pa misika, pa mabanki ndi pa maofesi pafunika zitsulo zokhomerapo njinga, pakuti kuopa mbala kumaletsa ambiri kubwera nazo m'tauni. Malo oimikapo galimoto imodzi akwana njinga pafupi-fupi khumi. A Road Transport and Safety Agency pamodzi ndi apolisi aphunzitse ochova njinga malamulo a pa mseu, ndiponso alange oyendetsa galimoto amene amaona wanjinga ngati cinthu cowachinga njira. Naye mwini njinga agule nyale, belu ndi mabuleki asanagule zokongoletsa.

Bungwe la United Nations linasankha mu 2018 tsiku la 3 June kukhala lokumbukira njinga pa dziko lonse. Kungakhale kokoma kuona akulu-akulu a khonsolo, azamalonda ndi aphunzitsi a m'Chipata akupita ku nchito pa njinga tsiku limenelo, kuti adzionere okha maenje, zigwembe ndi malole amene anzao alimbana nao caka conse.

Inu amene Mulungu anakudalitsani ndi galimoto, mukakumana ndi bambo wosenza madengu m'mamawa, cepetsani liwiro ndipo mumpatse malo okwanira pomdutsa. Ndiwo zimene mudzadyera nsima masana ziri pa kaliyala wace.