Thonje linatsala pang'ono kulumalitsa Chiponde: zomwe ndaphunzira pa zoyala m'khola la hamster

Mnzanga wina wa kuntchito atamaliza kontrakiti yake n'kumabwerera kwawo kunja, anagawa katundu wake yense. Wina anatenga fani, wina mashelefu a mabuku. Ine ndinalandira kakhola ka waya momwe munali kanyama kofiirira, konenepa, ka mchira waufupi ngati wochita kudula. "Ndi hamster," anatero mnzangayo. "Sikavuta kuweta."

Nditafika nako kunyumba ku Area 25, achemwali anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwe, digiri yonse ija mapeto ake n'kuweta mbewa? Anzakotu akuzigulitsa zowamba mumsewu wa M1." Koma mwana wawo wamkazi wa zaka 8 anakakonda pompo, n'kukapatsa dzina loti Chiponde poona mtundu wa ubweya wake.

Pasanathe milungu iwiri, ndinatsala pang'ono kukalumalitsa kanyamako. Chakudya ndinkakapatsa, madzi osasowa. Cholakwa changa chinali pa zomwe ndinayala pansi pa khola ndi zomwe ndinakapatsa kuti kamangire chisa.

Utuchi waulere ndi thonje la kufamase

Zoyala zomwe mnzanga anandisiyira zitatha, ndinachita zomwe aliyense woweta nkhuku akanachita. Ndinapita kwa kalipentala wa pafupi ndi msika n'kupempha utuchi. Anandidzazira jumbo osandilipiritsa. Utuchiwo unkanunkhira bwino, fungo la matabwa atsopano, ndipo mumtima ndinati apa ndapeza. Poti unali mwezi wa June ndipo usiku kunkazizira, ndinagulanso thonje kufamase kuti Chiponde azifunda. Kanalilandira ndi manja awiri, kulikankhira m'masaya n'kukalisanja pakona.

Patatha masiku angapo kanayamba kuyetsemula, maso akulengeza misozi. Ndinati ndi chimfine cha nyengo yozizira. Kenako Loweruka lina m'mawa mwana uja anabwera akuthamanga: "Ankolo, Chiponde akukwawa!" Mwendo wakumbuyo unali utatupa, ndipo pamwamba pa kaphazi panali kaulusi koyera komwe kanazungulira kangapo mpaka kulowa m'khungu.

Dokotala wa ziweto yemwe tinapitako anadula ulusiwo ndi kasizasi kakang'ono, n'kutsuka chilonda. Anati tikanachedwa tsiku linanso magazi akanasiyiratu kufika kuphaziko. Atandifunsa zomwe ndimayala m'khola, anangopukusa mutu. Tsiku limenelo ndi pomwe ndinayamba kuwerenga za kanyamaka mofatsa.

Kwawo ndi pansi pa nthaka

Chiponde ndi wa mtundu wotchedwa Syrian hamster, womwe ndi wotchuka kwambiri pakati pa oweta. M'chaka cha 1930, katswiri wa zinyama Israel Aharoni anakumba una pafupi ndi mzinda wa Aleppo ku Syria n'kupezamo kakakazi ndi ana ake. Ma hamster ambiri a mtunduwu omwe anthu amaweta lero anachokera ku banja limenelo.

Kutchire, kanyamaka kamakhala kokha mu una wakuya kuposa theka la mita, wina mpaka mita. Mkatimo mumakhala pogona, posungira chakudya ndi podzithandizira. Amene munakumbako mbewa kumudzi mukudziwa kachipinda kofunda kamene timakapeza kumapeto kwa una, kodzaza ndi udzu ndi masamba. Hamster nayo imafuna zomwezo. Masana onse imagona mphuno ili m'zoyala, usiku n'kumakumba. Choncho chilichonse chomwe mwayala m'khola imachipuma, imachiluma, imachinyamula m'masaya ake omwe amafutukuka mpaka m'mapewa, ndipo china imameza. Vuto linanso n'lakuti, monga mbewa ndi makoswe, hamster siitha kusanza. Chomwe chalowa m'mimba chiyenera kutuluka chokha, apo ayi chitseka matumbo.

Zomwe simuyenera kuyala

Choyamba ndi utuchi wa kwa kalipentala. Uli ndi fumbi losalala lomwe limalowa m'mphuno ndi m'maso. Komanso simungadziwe kuti wachokera ku mitengo yanji. Matabwa ambiri omwe timagula m'tauni ndi a paini, ndipo paini ndi mkungudza zili ndi mafuta onunkhira omwe amapweteka njira yopumira ya tinyama ting'onoting'ono. Fungo lomwe linandisangalatsa lija ndi lomwe linkayetsemulitsa Chiponde. Pamwamba pa apo, utuchi wa pashedi umasakanikirana ndi guluu wa m'mapulayiwudi, vanishi, penti ndi mankhwala a chiswe.

Chachiwiri ndi thonje, ndi china chilichonse chokhala ndi ulusi wautali: zidutswa za chitenje, sokosi yakale, ubweya wolukira majuzi, ngakhale zoyika m'mapilo. Ulusi umakulunga miyendo ndi mano, umatsakamira m'masaya, ndipo ukamezedwa sugayika. Chenjeraninso ndi timapaketi ta thonje lofewa tomwe masitolo ena amagulitsa titajambulidwa hamster pachikuto. Chithunzi si chitsimikizo.

Chachitatu ndi zotsalira za kumunda. Zitsononkho ndi makoko a chimanga zimachita chuku msanga zikanyowa ndi mkodzo, makamaka nyengo ya mvula. Ndipo chilichonse chomwe chakhala m'thumba kapena m'chipinda momwe munathiridwa mankhwala a anankafumbwe chisayandikire khola.

Palinso nyuzipepala ndi mapepala olembedwa, chifukwa cha inki. Mchenga wa amphaka umene umaumbika ukanyowa, chifukwa umaumbikanso m'mimba. Ndi zoyala zilizonse zothiridwa perefyumu. Hamster siona patali, imadalira mphuno. Kuiyalira zonunkhira kuli ngati kukutsekerani m'chipinda momwe wina wangopoperamo botolo lonse la mankhwala a udzudzu.

Pomaliza, pansi pa khola pasakhale waya. Mapazi a hamster ndi ofewa, ndipo kuyenda pa waya usiku uliwonse kumayambitsa zilonda zomwe zimavuta kupola. Wilo yothamangirapo nayonso ikhale yosalala, yopanda mipata.

Nanga tiyale chiyani?

Yankho ndi losavuta kuposa momwe ndinkaganizira: pepala loyera, lofewa, lopanda inki ndi fungo. Ngati muli kumene kuli masitolo a zoweta, monga abale athu a ku Johannesburg kapena ku London, funsani zoyala zopangidwa ndi pepala, kapena mapalepale a mtengo wa aspen, kapena hemp. Werengani pachikuto kuti ndi zochotsedwa fumbi komanso zosanunkhiritsa.

Kwa ife amene zoterezi sitizipeza pafupi, tishu woyera wamba amagwira ntchito. Ine ndimagula wotchipa, wopanda mtundu, wopanda fungo, ndipo Lamlungu madzulo timakhala pakhonde ndi mwana uja n'kumang'amba tizidutswa. Njira yoyesera ndi iyi: tengani kachidutswa, kaviikeni m'madzi, kakokeni. Kakaduka kokha mosavuta, nkabwino. Kakakana kuduka kapena kakatulutsa ulusi, katayeni. Mawaipusi opukutira ana amalephera mayeso amenewa.

Pepala lokha limagumuka hamster ikamakumba. Kuti mauna alimbe, ikani pepala, kanikizani ndi dzanja, yalani udzu wouma wofewa pang'ono, kenako pepala linanso. Udzuwo ukhale wouma bwinobwino, wopanda chuku, wopanda zobaya, ndipo usachokere m'mbali mwa msewu kapena m'munda wopoperedwa mankhwala. Oweta ambiri amauyika kaye mufiriza masiku awiri kuti tizilombo tife.

Kuya n'kofunika kuposa kukongola

Kakhola komwe ndinalandira kanali ndi thireyi yosaya, moti zoyala zinkangophimba pansi basi. Usiku uliwonse Chiponde ankatafuna waya mpaka achemwali kudandaula kuti sakugona. Ndinkaona ngati ndi chibadwa chake, pomwe kanyamako kanali kosowa mtendere.

Ofufuza a payunivesite ya Bern ku Switzerland anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo pa nkhaniyi mu 2006. Anasunga ma hamster pa zoyala zakuya masentimita 10, ena 40, ena 80. Omwe anali pa masentimita 10 ndiwo ankatafuna waya kwambiri. Omwe anali pa 40 ndi 80 anakumba mauna n'kumagonamo, ndipo a pa 80 sanaoneke akutafuna waya. Si tonse tingakwanitse masentimita 80 m'nyumba ya lendi, koma mabungwe ambiri oona za ziweto amalangiza kuti zoyala zisachepere masentimita 25, ndipo khola likhale lotalika pafupifupi masentimita 100 ndi 50 m'lifupi.

Ine ndinagula bokosi lalikulu la pulasitiki losungiramo zovala, n'kudula chivindikiro chake pakati ndi kuikapo sefa wa waya kuti mpweya uzilowa. Mbali imodzi ndinaunjika zoyala mpaka kupitirira chikhatho ndi theka, mbali ina n'kusiya potsika pa wilo, madzi ndi kambale ka mchenga. Hamster sisambitsidwa ndi madzi, imadzigubuduza mumchenga. Mchengawo ndimausefa, kuutsuka, kenako n'kuukazinga mumphika mpaka kuuma gwa, ukazizira n'kuuika. Usakhale wosalala ngati ufa, chifukwa fumbi ndi lomwe tikulithawa.

Kuya kumathandizanso pa nyengo. Mu June kanyamako kamadzikwirira n'kufunda popanda thonje. Mu October pansi pamakhala pozizirirapo, bola bokosilo lisakhale padzuwa kapena pafupi ndi mbaula.

Chisa musamachimangire

Pa za chisa, ntchito yanu ndi kungopereka zipangizo. Ng'ambani tishu m'mizere italiitali, muike mulu pakona, pamodzi ndi kabokosi ka katoni kopanda selotepi kapena mawaya omangira mapepala, mutakaboola khomo. Timipukutu ta katoni totsala tishu akatha timasanduka njira zodutsamo, koma tang'ambeni m'litali kuti hamster yonenepa isakakamire mkati. M'mawa mudzapeza yamanga yokha momwe ikufunira.

Pokonza m'khola musachite ukhondo wa pa Khirisimasi wotaya zonse. Tsiku lililonse chotsani ponyowa ndi zakudya zomwe zingaole, monga masamba kapena kaloti yemwe yabisa. Pakapita milungu ingapo, sinthani gawo limodzi la zoyala, zina n'kuzisiya kuti fungo lake likhalepo. Mukachotsa zonse, kanyamako kamakhala ngati munthu amene wabwera kuchokera kuntchito n'kupeza alandilodi atulutsa katundu yense.

Mukaona kuti kakuyetsemula kawirikawiri, kakupuma movutikira, kasiya kudya, kakutsegula m'mimba kapena mwendo watupa, musadikire kuti muone mawa. Thupi lake ndi laling'ono, matenda amakagwetsa msanga. Pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, mutanyamulako pang'ono zomwe mumayala kuti akazione.

Hamster imakhala ndi moyo zaka ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo pafupifupi nthawi yonseyo imathera pa zomwe mwaiyalira. Chiponde anachira, ngakhale kachipsera kanatsala pamwendo. Kuyetsemula kunatha patangopita masiku ochepa utuchi utachoka. Waya wa pachivindikiro saulabadiranso. Masiku ano masana sitimuona n'komwe, timangoona kakhomo ka una pakona ya bokosi.

Achemwali akadali kumutchula kuti mbewa. Koma sabata yatha, pobwera kokagula zinthu za mwezi, anatulutsa paketi ina ya tishu n'kuiponya pabedi panga. "Uyu ndi wa mbewa yakoyo," anatero. "Ndaonetsetsa, ndi wopanda fungo."