Nyanja ili pakhomo, nanga mwana kusukulu akumwa chiyani?

Ife a m'mbali mwa nyanja sitikonda kudandaula za madzi. Tikadzuka timawaona, mabwato athu amayenda pomwepo, ndipo madimba athu amamwa omwewo. N'chifukwa chake munthu akatiuza kuti sukulu ya kwathu ilibe madzi timaseka n'kumati, "Nyanja yonseyi?" Komatu madzi oyendapo bwato si madzi omwetsa mwana. Tiyeni tione chomwe mwana amafunikira pa maola omwe ali kusukulu, ndi amene amayamba kuvutika zinthuzi zikasowa.

Vutoli lidayamba bwanji?

Mu 1994 boma lidachotsa fizi ku pulayimale. Ana adakhamukira kusukulu, chiwerengero chawo n'kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino, koma zimbudzi ndi mijigo sizidachuluke pa liwiro lomwelo. Kuno kunyanja kulinso vuto lathulathu. Dothi ndi lamchenga ndipo madzi a pansi ali pafupi. Ukakumba dzenje la chimbudzi popanda kuliwaka njerwa m'kati, mvula ikagwa kawiri katatu lakugwera. Kwina mjigo umatulutsa madzi amchere, ana n'kumaulambalala kuthamangira kunyanja.

Muyeso wake ndi wotani?

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo a sukulu zosauka mu 2009. Malangizowo amati pa sukulu yoyendera pakhale malita 5 a madzi pa munthu aliyense tsiku lililonse, chimbudzi chimodzi pa atsikana 25 alionse, ndi chimodzi pa anyamata 50 kuphatikizapo pokodzera. Kumene anthu amadziyeretsa ndi madzi akachoka kuchimbudzi, monga timachitira ife, amawonjezerapo lita imodzi kapena awiri pa munthu.

Tiyerekeze sukulu ya ana 1,000, theka atsikana theka anyamata. Ikufunika zimbudzi 20 za atsikana, 10 za anyamata, ndi malita 5,000 pa tsiku. Amenewa ndi ndowa 250 za malita 20. Ngati ndowa imodzi ikudzadza pa mphindi ziwiri, ndiye kuti mjigo upopedwe maola oposa 8 osapumira. Tsono ngati mjigo womwewo ndi umene mudzi wonse ukutungapo, mwana wa Sitandade 1 apeza mpata nthawi yanji pakati pa amayi ndi ndowa zawo? Apa m'pamene tikuonera kuti kungonena kuti "mjigo ulipo" sikukwanira.

Chimbudzi chikasowa, nyanja imalipira

Mwana akapeza chimbudzi chodzadza kapena mzere wautali, amalowera kutchire kapena kugombe. Zotsatira zake tikuzidziwa. Likodzo limayenda chonchi: munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. Pakapita masabata angapo timatuluka mu nkhonomo n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Mnyamata akamakodza magazi sikuti wakula ayi, wadwala. Mankhwala a praziquantel omwe ana amalandira kusukulu amapha nyongolotsi zomwe zili m'thupi, koma satchinga kuti mwana asatengenso. Akabwerera m'madzi omwe aja, matenda ayambiranso.

Asodzi nkhaniyi ikutikhudzanso mwa njira ina. Ofufuza omwe adagwira ntchito zaka zambiri ku Chembe, ku Cape Maclear, adaona kuti pamene nsomba zodya nkhono zinkachepa m'madzi osaya chifukwa chophedwa mopitirira muyeso, nkhono zinkachuluka ndipo likodzo linkakwera. Tikamakokolola m'gombe ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono, kapena ndi neti ya udzudzu, tikuchotsa alonda a ana athu omwe.

Za kolera sitifunika kukumbutsana kwambiri. Mliri womwe udayamba ku Machinga mu Malichi 2022 udagwira anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo Mangochi idali pakati pa maboma omwe adakhudzidwa kwambiri. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Kolera amalowera pakamwa, kudzera m'madzi kapena chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Pa sukulu pomwe ana mazanamazana akudya phala ndi manja osasamba, mwana mmodzi wodwala akhoza kugawira kalasi yonse.

Amayamba kuvutika ndani?

Apa m'pamene pali nkhani ya chilungamo, chifukwa kusowaku sikugwera ana onse mofanana.

Woyamba ndi mtsikana amene watha msinkhu. Masiku ake a kumwezi akafika amafuna chimbudzi chokhala ndi chitseko chotsekeka, madzi pafupi, sopo, ndi malo osinthira. Zikasowa sauza munthu, amangoti mutu ukuwawa n'kukhala kunyumba. Akamajomba masiku atatu mwezi uliwonse, pa chaka amataya masabata angapo a maphunziro, mnyamata wa m'kalasi mwake asadataye ngakhale tsiku. Pa mayeso a Sitandade 8 tidzati mtsikanayu ndi wofooka, chonsecho chidamufooketsa ndi chitseko. Boma lidachotsa msonkho pa mapadi mu 2022, komabe mabanja ambiri sangakwanitse kugula mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake mapadi osoka ochapa ali ofunika. Koma nawonso amafuna madzi ndi sopo.

Wachiwiri ndi mwana wamng'ono. Bowo la chimbudzi likakula, kapena m'kati mukakhala mdima, amaopa kugweramo, ndiye amadzithandizira kuseri. Si mwano, ndi mantha.

Wachitatu ndi mwana waulumali. Chimbudzi cha masitepe, khomo lopapatiza, chopanda pogwira, kwa iye n'chimodzimodzi kuti kulibe. Amene amakwawa amayika manja pamene anzake aponda ndi mapazi. Ena amadzimana kumwa madzi tsiku lonse kuti asafune kutuluka.

Wachinayi ndi mwana wa kubanja losauka. Wa kopeza bwino amanyamula botolo la madzi owiritsa kunyumba. Mnzake amamwa omwe wawapeza.

Palinso mwana wathu amene tidamuphunzitsa twahara kunyumba ndi ku madrasa, kuti akachoka kuchimbudzi adziyeretse ndi madzi. Akafika kusukulu kopanda madzi timamuika pa mpanipani: aphwanye zomwe tidamuphunzitsa, kapena adzigwire mpaka poweruka.

Tingachite chiyani ife eni?

Choyamba, tiwerenge. Pa msonkhano wa makolo tisamangofunsa za mayeso ndi yunifolomu. Tipite kuseri kwa sukulu ndi a komiti, tiwerenge zimbudzi zomwe zikugwiradi ntchito, zingati zili ndi zitseko, n'kugawa ndi chiwerengero cha ana. Tikapita kukhonsolo kapena kwa khansala ndi manambala m'manja, mawu athu amalemera kusiyana ndi kungoti "zinthu sizili bwino." Tifunsenso kuti pa ndalama zotukulira sukulu zija amati SIG, gawo lanji likupita ku madzi ndi ukhondo.

Chachiwiri, timange molingana ndi dothi lathu. Pa mchenga dzenje likhale lozungulira ndi lowakidwa m'kati. Pamene madzi ali pafupi, chimbudzi chikwezedwe m'mwamba m'malo mokumba mozama. Chitalikire chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pa bowo pakhale chivundikiro kuti ntchentche zisamatuluke n'kukatera pa phala.

Chachitatu, tisamalire mjigo usadafe. Mijigo yambiri ya kumudzi kuno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo chomwe chimatha msanga ndi timalabala ta m'kati, totsika mtengo poyerekeza ndi kukumba wina. Mjigo umakhala miyezi uli chigonere chifukwa komiti ilibe kathumba kogulira kachipangizo kakang'ono. Nthawi ya usipa wambiri kapena tikakolola mpunga, kodi gombe lililonse kudzera mu BVC silingapatule kenakake ka mjigo wa kusukulu?

Chachinayi, mpondagiya. Kachigubu, chingwe, timitengo ndi sopo, basi, mwana wasamba m'manja osagwira chigubucho. Sopo akasowa, phulusa liliko bwino kusiyana ndi madzi okha. Madzi akumwa asungidwe mu ndowa yovundikira ya kampopi, atathiridwa klorini pa muyeso womwe mlangizi wa zaumoyo wanena.

Chachisanu, amayi a mother group tiwape mphamvu. Ndi iwo amene mtsikana angawauze zomwe sangauze aphunzitsi aamuna. Kachipinda kamodzi kosinthira, ndowa ndi sopo zikhoza kubweza atsikana angapo m'kalasi.

Pa mzikiti uliwonse timaonetsetsa kuti madzi a udhu asasowe, ndipo akatha pamapezeka wothamanga kukatunga. Mwana amakhala kusukulu maola ambiri pa sabata kuposa omwe ife timakhala kumzikiti. Pa sukulupo pali ana a Asilamu ndi a Akhristu, a asodzi ndi a alimi, onse akumwera kapu imodzi. Paja akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Teremu ikubwerayi isadatsegulidwe, tiyeni tikayendere kuseri kwa sukulu yathu, tikawerenge zitseko.